Zomwe Ndinkawanong'oneza Pakhomo pa Tchalitchi

1

Tsiku lomaliza kuwaona ali moyo, Apakhomo anali atakhala kumbuyo m'galimoto ya mwana wawo, chikwama cha zida za ukalipentala chili pamiyendo. Ankandiyang'ana pagalasi ngati mwana amene akumusiya kusukulu tsiku loyamba. Linali Loweruka masana. Ine ndinali nditaima pakhonde pa nyumba yakale imene iwo anandipatsa kuti ndizikhalamo, manja ali mbuu ndi utuchi.

Mwana wawo wachisamba, amene mpingo wonse umawatcha Amanijala, anatsitsa galasi n'kundiloza chala.

"Iwe, ndikadzakupezanso ukuzungulira bambo anga, udzandidziwa bwino. Kafunefune bambo ako."

"Achimwene, chonde mukawafikitse mpaka m'nyumba," ndinatero. "Musakawatsitse panjira."

"Ine si mchimwene wako. Ndiye ukufuna kundiphunzitsa kusamala bambo anga? Iweyo?"

Galimoto inanyamuka. Apakhomo anakweza dzanja pang'ono, osati kutsazika kwenikweni, koma ngati akufuna kufunsa kanthu.

Lolemba m'mawa tinakawapeza kunyumba ya chisoni ya chipatala. Kuyambira tsiku limenelo mpingo wonse ukunena kuti ndine ndinawaphetsa, ndipo nyumba ija ndauzidwa kuti ndichokemo. Ndili ndi mawu ochepa okha amene akanandiyeretsa pamaso pa onsewo. Sindinawanene. Ndikuwanena muno, kwa inu amene simundidziwa.

2

Ndinasiya koleji ndili chaka chachitatu. Si mowa, si mtsikana, monga amanenera ena. Mayi anga atamwalira ndinabwerera kukalemba mayeso. Ndinakhala pa desiki, ndinalemba dzina langa pamwamba pa pepala, kenako ndinazindikira kuti palibenso munthu woti ndidzakamuonetse zotsatira. Ndinaimirira n'kutuluka. Bambo anga sindiwadziwa, ndipo chipinda chimene tinkakhala ndi mayi chinali chitalowa kale anthu ena. Ndinkagona kwa anzanga mosinthasintha. Masana ndinkalowa m'tchalitchi, osati kukapemphera, koma chifukwa munali mozizira ndipo simunkakhala munthu wondifunsa mafunso.

Tsiku lina ndinadzidzimuka wina akugogoda benchi limene ndinagonapo. Anali mkulu wa mpingo uja wa imvi, kalipentala wopuma ntchito, amene Lamulungu lililonse ankaima pakhomo pa tchalitchi kulandira anthu. N'chifukwa chake aliyense ankangowatcha Apakhomo.

"Benchi mwagonapoli ndi lodwala kuposa inu," anatero. "Tadzukani mundigwirire uku."

Ndinagwira. Anakhoma, anayesa kukhalapo, anakhomanso. Sanandifunse kuti ndine mwana wa yani, kapena ngati ndinatembenuka mtima. Atamva kuti ndinali ku koleji anaseka, n'kunena kuti aka kanali koyamba benchi lawo kugwiridwa ndi munthu wophunzira, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa linakhala Akoleji. Pomaliza anandifunsa kumene ndimagona. Nditachedwa kuyankha, anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi wamkulu wadzimbiri.

Anali kiyi wa nyumba yawo yoyamba, imene analowamo ndi akazi awo atangokwatirana. Banja linasamukamo kalekale kupita ku nyumba ya geti imene Amanijala anawamangira tsidya lina la msewu waukulu. Yakaleyi inangotsekedwa. Malata ake anali ofiira ndi dzimbiri, simenti yapansi itang'ambika ngati chidendene, ndipo mpope wa kukhitchini unkayamba watsokomola usanatulutse madzi. Zenera la kuchipinda linkafuna ulinyamule kaye kenako ulikankhe. Mvula ikamagwa ndinkatchera beseni pabalaza ndi poto m'khonde. Koma kiyi anali wanga. Aka kanali koyamba m'moyo mwanga kutseka chitseko ndikudziwa kuti palibe amene abwere kudzandiuza kuti ndisendere uko. Ndinapeza kantchito pashopu yosindikiza mapepala, ndinagula matiresi ndi ketulo, ndinapachika chithunzi cha mayi anga pa msomali umene ndinaupeza kale pakhoma.

3

Loweruka lililonse Apakhomo ankabwera ndi chikwama chawo. Anandiphunzitsa kumata dzenje la lata, kusintha mphira wa mpope, kuwongola msomali wopindika m'malo moutaya. Nyumba ija ankaidziwa ngati thupi lawo. Ankagogoda khoma n'kundiuza kuti paipi yadutsa apa, usadzakhomepo. Ndikalakwitsa sankakalipa. Ankangoti, "Akoleji, mayesowa mwalephera, koma kuno timalola kubwereza."

Za mayi anga sanandiuzepo kuti ndilimbe mtima, kapena kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Tsiku lina ndinalira nditagwira sowo. Iwo anakhala pambali panga pa sitepe mpaka ndinatopa, kenako anandifunsa kuti mayi anga ankakonda tiyi wotani. Anakaphika wotero, wa shuga wambiri, tinamwa.

Panali ntchito imodzi imene sinkatha: chitseko cha kukhitchini. Ankanena kuti chikukhula pansi. Tinkachizula pa mahinjesi, kuchigoneka pa mipando iwiri, iwo n'kuchipala m'munsi ndi puleni, kenako tinkachibwezera. Sabata yotsatira ankanenanso kuti chikukhula. Chinafupika mpaka mphaka wa aneba ankalowa m'khitchini chitseko chili chotseka. Ine sindinkawatsutsa. Ndinkangobweretsa mipando ija.

Lamulungu ndiye linali tsiku lawo lenileni. Mukanawaona ataima pakhomo, jekete lakuda, nsapato zopukuta. Sankangopereka moni. Munthu aliyense ankamufunsa za kwake: telala za makina ake, namwino za ntchito ya usiku, mayi wamasiye za mwana wake amene ali kundende. Anthu ena ankabwera kutchalitchi chifukwa cha moni umenewo, ulaliki unali wongowonjezera.

M'chaka changa chachiwiri m'nyumba ija ndinayamba kuima kumbuyo kwawo, nditanyamula mabuku a nyimbo. Munthu akamakwera masitepe, ine ndinkawerama n'kuwanong'oneza kukhutu. Iwo ankagwedeza mutu, kenako n'kutambasula dzanja.

Mpingo uli ndi maso. Posakhalitsa ndinali ndi dzina lachiwiri: Manong'onong'o. Amayi a kwaya ankati ndikadutsa amasiya kulankhula, wina n'kunena mokweza kuti, "Chete, wailesi yafika." Ena ankati ndimauza Apakhomo machimo a anthu. Ena ankati ndine mwana wawo wa kunjira. Bodza limeneli, ndivomere, silinkandipweteka. Koma limene linafika kwa Amanijala linali lakuti ndikunyengerera nkhalamba kuti indisiyire nyumba, pamene iwo anali ndi mapulani oigwetsa n'kumangapo mashopu.

4

Anandiitanira ku ofesi ya Abusa. Amanijala anakhala atapingasa miyendo, makiyi a galimoto akuwazunguza pachala. Analankhula nthawi yaitali: kuti bambo awo asintha, kunyumba salankhula, amangokhala duu, koma Loweruka likafika amathamangira kwa ine ngati ndinawadyetsa kanthu. Abusa, munthu woopa mikangano ndiponso woopa kwambiri anthu amene amagulira tchalitchi malata, anandifunsa mofatsa kuti kodi ndimawauza chiyani akuluwo pakhomo paja.

Ndinayankha kuti ndi nkhani ya ine ndi iwo.

"Mwamva?" anatero Amanijala. "Munthu wolephera sukulu ali ndi nkhani ndi bambo anga zimene ine mwana wawo sindingamve."

Anagamula kuti ndisaimenso pakhomo. Lamulungu lotsatira ndinakhala pa benchi lakumbuyo, lomwe lija tinakonza, ndikuwaonera patali. Apakhomo anaima okha. Aliyense wobwera ankangomuuza kuti, "Takulandirani, takulandirani," akumwetulira, maso akuyendayenda kufuna wina kumbuyo kwawo. Telala anaima kudikira funso la makina ake, koma silinabwere. Potuluka ndinamva amayi a kwaya akunena kuti taonani, akuluwa anyanyala chifukwa tawachotsera kamwana kawo.

Loweruka anabwerabe. Akazi awo ndiwo anawakweza basi, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo ine ndinawachingamira pa siteji. Madzulo ndinkawaperekeza mpaka pageti lawo. Tinali titangogoneka chitseko pa mipando pamene galimoto ya Amanijala inaima panja. Zotsatira zake ndakuuzani kale.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ali m'njira Amanijala analandira foni ya kuntchito. Anatsitsa bambo awo pamphambano ya pafupi ndi malo omwetsera mafuta, pamene geti la kwawo limaonekera. Anawauza kuti akafike bwino, iwo n'kukhota.

Apakhomo sanalowere kugeti. Anatembenuka n'kuyamba kubwerera ku nyumba yakale. Sanadzere pa mlatho wa anthu oyenda pansi. Anatsata kanjira kamene ankadzera ali mnyamata pochokera kuntchito, kanjira kamene msewu waukulu unakadula pakati zaka zambiri zapitazo. Woyendetsa lole ananena kuti nkhalambayo inalowa mumsewu osayang'ana uku kapena uku, ngati ikuyenda pabwalo la kwawo.

5

Pamaliro sanandilole kunyamula bokosi. Nditayandikira, mlamu wa Amanijala ananditchinga ndi chigongono osandiyang'ana n'komwe. Ndinaima kumbuyo kwa anthu, pafupi ndi magalimoto, ndipo ndi komweko kumene Amanijala anandipeza pobwerera kumanda, maso ali psuu.

"Ndinawasiya ali bwinobwino, geti akuliona," anatero, anthu akumva. "Unawaitana ndiwe. Unawaimbira foni kuti abwerere, eti? Munthu wamkulu ngati uja angawoloke msewu umene uja popanda womukoka? Wadya bambo anga, iwe."

Foni Apakhomo anali atasiya kugwiritsa ntchito kalekale, ndipo akazi awo ankadziwa zimenezo. Ndinawayang'ana mayiwo. Anali atakhala pampando, atazunguliridwa ndi amayi a mpingo. Maso athu anakumana, iwo n'kuyang'ana pansi.

Panakonzedwa zoti banja ndi akuluakulu a mpingo akumane Lamulungu lotsatira, atatuluka m'mapemphero, kuti ndikafotokoze zimene ndinkawachita akuluwo. Sabata imeneyo kushopu makasitomala a mpingo wathu anasiya kubwera. Wina analemba mawu oipa ndi makala pakhoma la nyumba. Ine ndinatsimikiza mtima kuti Lamulungu ndikanena zonse. Munthu amene ndinamulonjeza kusunga chinsinsi anali atagona m'manda, ndipo ine ndinali wamoyo, ndikulavuliridwa.

6

Chinsinsicho ndi ichi.

Loweruka lina, chaka chapitacho, Apakhomo anaima pakati pa ntchito, puleni ili m'manja. Anandifunsa kuti mayi uja anabwera Lamulungu atanyamula khanda, amene anawagwira dzanja nthawi yaitali akuseka, anali ndani. Ndinaganiza kuti akuchita nthabwala. Anali mpongozi wawo, mkazi wa Amanijala, ndipo khandalo linali mdzukulu wawo.

Anakhala pansi pa utuchi pomwepo. Anandiuza kuti mayina anayamba kuwathawa, kenako nkhope, ndipo tsopano misewu. Anali atapita okha kwa dokotala, amene anawauza kuti ndi matenda a kuiwala ndipo sabwerera m'mbuyo. M'nyumba ya geti ija ankasochera popita kubafa. M'nyumba yakale mokha ndimo mutu wawo unkabwerera m'malo mwake.

"Mwana wanga akadziwa adzanditsekera kuseri kwa geti, n'kundilembera munthu wondilondera," anatero. "Amandikonda, koma chikondi chake ndi cha loko. Mpingo nawo udzayamba kundipempherera mofuula ngati ndagwidwa ziwanda. Akoleji, ndiloleni ndiime pakhomo paja mpaka Mwini wake andichotsepo. Inu mukhale mutu wanga."

Anandigwira dzanja, ndipo ndinalonjeza.

Ndiye zimene ndinkanong'ona zinali izi: uyu ndi telala, makina ake anakonzedwa. Awa ndi amayi a mnyamata wa kundende uja, atuluka mwezi wamawa. Uyu ndi namwino. Uyu ndi mwana wanu wachisamba, mufunseni za ulendo wake. Inde, ngakhale Amanijala. Kangapo konse anakwera masitepe aja, bambo awo n'kuwalandira ndi nkhope yowala, osadziwa kuti amene wawauza bambowo kuti uyu ndi mwana wanu ndi Manong'onong'o.

Loweruka, msonkhano uli mawa lake, ndinamva kugogoda. Anali akazi a Apakhomo, okha, atavala zakuda. M'nyumba ija anali asanalowemo zaka zambiri. Anakana mpando. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kukhitchini, n'kuima akuyang'ana chitseko chija, chimene chinali chidakali chigonere pa mipando iwiri.

"Chafupika chonchi?" anatero. Anaseka pang'ono, kenako anagwira pakamwa. Anandiuza kuti atangolowa m'nyumbamo ali mtsikana, chitseko chimenecho chinkakhula pansi, ndipo iwo ankadandaula tsiku ndi tsiku mpaka amuna awo anachipala. Inali ntchito yoyamba imene anawachitira monga mwamuna wa pakhomo.

Apa m'pamene ndinazindikira.

"Amayi, inu mumadziwa."

"Ndagona naye chipinda chimodzi moyo wanga wonse, ndingalephere kudziwa? Iwe unkanong'ona kutchalitchi, ine ndinkanong'ona kunyumba. Iye ankayesa kuti akundibisira, ine ndinamusiya aziyesa choncho."

"Ndiye kumanda kuja munangokhala chete, anthu akundinena kuti ndine wakupha?"

Iwo anangondiuza chimene anabwerera. Amanijala sakudya, sakugona, ndipo chimene chawagwira kuti asagwe n'chakuti ali ndi munthu womuda. Ndikakanena mawa kuti bambo awo sankadziwa njira, adzazindikira kuti anatsitsa pamphambano munthu amene sakanatha kupeza geti lake, ine nditawachenjeza.

"Ndaika mwamuna," anatero. "Sindikufuna kuika mwana."

"Nanga ine, Amayi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo munalibe nkhanza. Zikanakhala bwino mukanakhala nkhanza.

"Iwe unamuchitira mwamuna wanga zimene ana ake sanamuchitire. Mulungu akuona. Koma iwe si mwana wanga."

7

Msonkhano unachitikira mu ofesi ya Abusa. Anandifunsa katatu konse, m'njira zosiyanasiyana, kuti ndinkawauza chiyani akuluwo. Amanijala anali ataonda, kolala ya shati ikuwakhwepa. Makiyi aja sankawazunguzanso. Ndinawayang'ana, ndipo mawu anali okonzeka pakamwa panga. Ndinkafuna kuwaona akugwa. Ndisakunamizeni kuti ndinawamvera chisoni. Chimene chinanditseka pakamwa ndi nkhope ya bambo awo pamasitepe paja, mmene inkawalira ndikangonong'ona kuti uyu ndi mwana wanu.

Ndinanena kuti ndilibe chofotokoza.

Amanijala anati ndiye umboni wake umenewo. Abusa anandipempha kuti ndiyambe ndapuma kubwera kumapemphero mpaka mitima izizire. Amayi aja anakhala pakona, akupinda ndi kupindula kansalu kawo ka m'manja. Potuluka ndinaona kuti pakhomo aikapo kale munthu wina, mnyamata wa tayi amene amauza aliyense kuti, "Mulungu akudalitseni," akuyang'ana pafoni.

Kiyi wadzimbiri uja ndikapereka mawa. Ndapeza kachipinda kuseri kwa shopu. Matiresi, ketulo ndi chithunzi cha mayi anga zapita kale. Chitseko cha kukhitchini nachonso ndatenga, ndinachisenza pamutu dzuwa likuswa mtengo, aneba akuonerera. Akafuna akanene kuti ndaba. Kumene ndikupita chilibe pochikhoma, ndipo n'chachifupi moti sichingatseke khomo lililonse.

Inu owerenga, sindikukupemphani kuti mundiweruze, oweruza ndili nawo okwanira. Masiku ena ndimadzifunsa ngati ndikanathamangira galimoto ija n'kufuula zoona zake, lonjezo n'kulisiya ligwe. Mwina bwenzi lero ali moyo, atakhala kuseri kwa geti, akuyang'ana khoma, akundida ngati akanandikumbuka. Yankho ndilibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu mmodzi anandipeza nditagona pa benchi lothyoka, sanandifunse kuti ndine wa yani, anangondipatsa mbali yoti ndigwire. Mpingo wodzaza anthu amene iye ankawadziwa mmodzimmodzi, ndi matenda awo ndi ana awo, unaona nkhalamba ikufunafuna mawu pakhomo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi akuluwa ali bwino. Onse anaona miseche, chifukwa ndi imene anabwera nayo. Ngati kwanu kuli nkhalamba imene yayamba kukonza chinthu chimodzimodzi sabata ndi sabata, musaiseke, ndipo musaitsitse pamphambano ngakhale geti likuoneka. Ifikitseni m'nyumba.

Musade nkhawa kuti Amanijala aziona izi. Magazini ngati ino sawerenga, amati ndi ya anthu osowa chochita.

Nyumba ija aigwetsa pa 9 Okutobala.